Okumba Mbiri M'madzi Oundana: Mafunso ndi Mayankho

M'chaka cha 2000, gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Lonnie Thompson wa pa yunivesite ya Ohio State ku America linamanga misasa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lomwe ndi lalitali mamita 5,895. Linagona kumeneko masabata angapo likuboola madzi oundana, ndipo linatsika ndi katundu amene akanatha kusungunuka m'njira.

Kodi anthuwa amafunanji m'madzi oundana?

Amafuna mbiri ya nyengo. Kumalo ozizira kwambiri, chipale chofewa cha chaka chino chimagwera pa cha chaka chatha chisanasungunuke. Chapansi chimapsinjika mpaka kusanduka ayezi wolimba, ndipo chaka chilichonse chimasiya mzere wake, monga mizere ya m'thunthu la mtengo wodulidwa. M'mizeremo mumatsekeredwa fumbi, mungu, phulusa la mapiri ophulika ndi tithovu ta mpweya wakale.

Asayansi amaboola ndi chipangizo changati paipi ya mano kunsonga, n'kumatulutsa zidutswa zooneka ngati munsi. Chidutswa chochokera pansi kwambiri ndicho chakale kwambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani amavutika kukwera mapiri pamene ku Antarctica kuli ayezi wochuluka?

Ayezi wa ku Antarctica amanena za dziko lonse, koma sangauze munthu mmene mvula inkagwera ku Africa kapena ku South America. Thompson anaona zimenezi kale, ndipo anayang'ana ku Quelccaya, chimulu cha ayezi cha m'mapiri a Andes ku Peru, pamtunda wa mamita oposa 5,600.

Poyamba zinakanika. Makina oboolera ndi jenereta yake zinali zolemera, ndipo helikopita inalephera kuzifikitsa chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Mu 1983 gulu la Thompson linabwerera ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa, otheka kuwamasula n'kuwanyamula zidutswazidutswa. Linapeza mbiri ya zaka 1,500 ya chilala ndi mvula ya m'deralo.

Kodi moyo wa pa ulendo wotere ndi wotani?

Ndi wowawa. Pamwamba pa Kilimanjaro, mpweya umene munthu amakoka pa kupuma kumodzi ndi pafupifupi theka la umene amakoka m'mbali mwa nyanja yamchere. Mutu umawawa, tulo sitibwera, chakudya sichikoma, zala zimachita dzanzi. Ntchito imadalira anthu a m'deralo: ku Tanzania amtengatenga ndiwo amakweza zipangizo ndi kutsitsa mabokosi a ayezi, pamene ku Tibet katunduyo amasenzetsa ng'ombe zaubweya zotchedwa yak. Akafika m'munsi amathamangira ku galimoto ya firiji, chifukwa kuchedwa pang'ono kukhoza kuwononga ntchito ya miyezi.

Thompson mwiniwake anamuika mtima wina mu 2012, koma mu 2015 anali kale pa ayezi wa Guliya ku Tibet, akuboolanso.

Apezapo zotani?

Zidutswa za ku Kilimanjaro zinasonyeza mbiri ya zaka pafupifupi 11,700. M'kati mwake munapezeka mzere wochindikala wa fumbi, umboni wa chilala choopsa chimene chinagwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo n'kukhala zaka ngati 300.

Ku Antarctica, asayansi a ku Ulaya a pulojekiti ya EPICA anaboola mamita oposa 3,200 pamalo otchedwa Dome C, napeza mpweya wa zaka 800,000. Pa nthawi yonseyo, mpweya wa carbon dioxide sunapyolepo magawo 300 pa magawo 1 miliyoni a mpweya wa m'mlengalenga. Lero wadutsa 420, makamaka chifukwa cha kuwotcha malasha, mafuta ndi nkhalango. Mu January 2025, gulu lina pafupi ndi malo omwewo linalengeza kuti lafika mamita 2,800 pa ayezi wa zaka zosachepera 1.2 miliyoni.

N'chifukwa chiyani asayansiwa akuchita changu chotere?

Nkhokwe imene akutapamo ikutha. Pakati pa 1912 ndi 2007, phiri la Kilimanjaro linataya pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a malo amene anali okutidwa ndi ayezi. Ayezi akasungunuka pamwamba, zaka zaposachedwa zimafufutika, ndipo madzi olowa pansi amasokoneza mizere yakale.

Chifukwa cha ichi, asayansi a ku France, Italy ndi Switzerland akugwirira limodzi ntchito ya Ice Memory. Anatenga zidutswa ku Mont Blanc mu 2016 ndi ku Illimani ku Bolivia mu 2017, ndi cholinga chozisunga m'phanga la chipale pa siteshoni ya Concordia ku Antarctica, kumene kuzizira kumafika madigiri 50 pansi pa 0 popanda magetsi. Ofufuza a mtsogolo adzazipeza zili bwino, ngakhale mapiriwo atadzatsala miyala yokhayokha.

Kodi pali malo amene anafika mochedwa?

Alipo. Mu 2018, asayansi anaboola ayezi wa Corbassière pa phiri la Grand Combin ku Switzerland, mamita oposa 4,000, ndipo mizere ya nyengo inkaoneka bwinobwino. Atabwerera mu 2020, anapeza kuti madzi osungunuka alowa m'kati n'kutsuka zizindikiro zambiri. M'zaka ziwiri zokha, ayezi ameneyo anali atasiya kukhala mboni yodalirika ya nyengo zakale.