Kusamala Chomera Chodya Tizilombo M'kalasi

Ana amaphunzitsidwa kuti zomera zimapanga chakudya chawo m'masamba mothandizidwa ndi dzuŵa. Tsono akaona chomera chotchedwa Drosera chitagwira udzudzu, amafunsa chifukwa chake, ndipo mphunzitsi ayenera kukhala ndi yankho.

Mtundu wa Drosera madagascariensis umamera m'madambo a kumapiri monga ku Nyika, Zomba ndi Mulanje, m'dothi lonyowa nthaŵi zonse koma losoŵa nayitirojeni. Masamba ake ali ndi tiubweya tofiira tokhala ndi timadontho tomata ngati ulimbo. Kachilombo kakatera, tiubweyato timapindikira pa iko pang'onopang'ono, kenaka tsamba limatulutsa madzi osungunula thupi lake. Charles Darwin analongosola zimenezi m'buku lake la mu 1875. Komabe chomerachi chimadalira dzuŵa monga zinzake. Kachilomboko kamangochipatsa chonde chimene dothi lilibe. Apa ndi pamene ana ambiri amasokonezeka, choncho musafulumirepo.

Kuno ku Lilongwe vuto lalikulu ndi madzi. A pampopi ndi a pachitsime ali ndi mchere wa m'nthaka umene umaononga mizu yake. Sungani madzi a mvula okwanira kudutsa chilimwe, ndipo kachidebe ka chomeracho, kobooledwa pansi, kazikhala m'mbale ya madziwo. Dothi likhale mchenga wotsukidwa wosakaniza ndi ndere za m'dambo. Feteleza ndi manyowa zimachipha, ngakhale mwana wachifundo atathira pang'ono chabe. Chiikeni pazenera loloŵa dzuŵa la m'maŵa, ndipo ana asamagwiregwire masamba kapena kuikapo nsima. Kuzula zomera ku Nyika n'koletsedwa. Ndi bwino kufesa njere zake.