Phunziro la moto wa ku Cape Town: kusunga zolemba pa kompyuta

Pa 18 Epulo 2021, moto wochokera m'phiri la Table Mountain unafika pa yunivesite ya Cape Town ku South Africa n'kutentha laibulale ya Jagger. Mabuku, mafilimu ndi zolemba zambiri zokhudza Africa zinapsa.

Yunivesite yomweyo imasunga makope a Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd, omwe m'zaka za m'ma 1870 analemba nthano za chiyankhulo cha |xam kuchokera pakamwa pa eni ake. Lero palibenso wochiyankhula. Makopewa anapulumuka, koma ngakhale akanapsa, mawuwo sakanatayika, chifukwa masamba ake anali atajambulidwa kale n'kuikidwa pa intaneti.

Ntchito yotere ili ndi magawo anayi. Choyamba, tsamba lililonse limajambulidwa ndi sikana kapena kamera. Chachiwiri, amalemba mutu, mlembi, chaka ndi chiyankhulo, kuti wofufuza alipeze msanga. Chachitatu, pulogalamu ya kompyuta imawerenga zilembo za pachithunzicho kuti munthu athe kusaka liwu limodzi m'buku lonse. Pulogalamuyi imalakwitsa kwambiri pa zolembedwa pamanja ndi pa ziyankhulo za mu Africa, motero pamafunika wodziwa chiyankhulocho kuti akonze. Chomaliza, mafayilo amasungidwa m'malo angapo otalikirana, popeza kompyuta nayonso imapsa kapena kuwonongeka.

Ndalama sizikwanira kujambula zonse. N'chifukwa chake malaibulale amayamba ndi zolemba zomwe sizipezeka kwina kulikonse.