Khadi la Cap Anson ndi makhadi amene sanasindikizidwe

Ntchito yanga ndi kuyesa makhadi akale a osewera baseball a ku America. Munthu akandibweretsera khadi, ndimaliunika ndi galasi lokuzira zinthu: ngodya zake zaperepeseka? Chithunzi chakhala pakatikati? Wina sanalisenge m'mbali kuti lioneke latsopano? Makampani monga PSA amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndipo mtengo umachokera pamenepo komanso pa kusowa kwa khadilo. Mtima wa munthu ali pachithunziyo saupatsa malikisi.

Makhadi ambiri akale ankabwera m'mapaketi a ndudu. A Old Judge, a cha m'ma 1887, ndi tizithunzi tofiirira tomata pa kakatoni, tosadzaza n'chikhatho chomwe. Ndikagwira ka Cap Anson ndimadziwa kuti ndagwira katswiri wa Chicago White Stockings amene analowa mu Hall of Fame ku Cooperstown mu 1939. Koma ndi Anson yemweyu amene mu 1883 ku Toledo anakana kulowa m'bwalo chifukwa timu inayo inali ndi munthu wakuda, Moses Fleetwood Walker. Tsikulo anagonja poopa kutaya ndalama za pakhomo. Mu 1887 ku Newark zake zinatheka: George Stovey, yemwenso anali wakuda, sanaponye mpira, ndipo tsiku lomwelo eni matimu a International League anagwirizana zosiya kulemba osewera akuda. Chitseko cha ligi yaikulu chinadzatsegulidwanso ndi Jackie Robinson mu 1947.

Ena amandifunsa ngati kusunga khadi lotere si kumulemekeza mwini wake. Ine sindiuza munthu kuti alitaye. Ndimangokana kulilongosola ngati la ngwazi chabe, ndipo pa kapepala kotsagana nalo ndimalembapo za Toledo ndi Newark. Ndimasamalanso kuti ndisanamizire munthu. Mbiri yoipa ya Ty Cobb, nkhope yotchuka ya makhadi akale otchedwa T206, inakometsedwa kwambiri ndi mlembi Al Stump, ndipo buku la Charles Leerhsen la 2015 linatsutsa zambiri mwa izo. Cobb anali wandewu ndithu, koma pofika 1952 ankanena poyera kuti akuda asewere.

Chimene chimandiwawa ine si khadi lomwe lilipo. Akatswiri a Negro Leagues, maligi a akuda, makampani a ku America sankawasindikiza m'masiku awo. Ukafuna la Oscar Charleston umakalisaka pa makhadi a ku Cuba a m'ma 1920. Josh Gibson, amene mu 2024 anaposa Cobb pa avereji yomenya mpira ziwerengero za maligi a akuda zitaphatikizidwa ndi za ligi yaikulu, khadi lake lodziwika linatuluka ku Puerto Rico cha m'ma 1950, mwini wake atamwalira kale mu 1947. M'bokosi langa, pafupi ndi Anson, ndinasiya kathumba ka pulasitiki kopanda kanthu, ndipo ndinalembapo dzina la Stovey.