Makompyuta Akale Osanduka Chikasu: Kodi N'kutheka Kuwayeretsanso?

Munthu wochokera kunyanja akatsika minibasi pa Limbe, maso ake amathamangira ku nsalu, ziwiya ndi mafoni. Koma amene angasuzumire m'tizipinda ta amisiri okonza mawailesi ndi makanema adzaona katundu wina ataunjikidwa pakona: makompyuta akale, makiyibodi, ndi masikirini aja okhala ndi chinkhongo chachikulu kumbuyo. Onsewo ali ndi mtundu umodzi, wachikasu wothimbirira ngati mano a munthu wosuta fodya. Ana a masiku ano amayesa kuti adapangidwa chomwecho. Ayi ndithu. Ife amene tidawaona akulowa m'maofesi a mu Victoria Avenue tikukumbuka kuti adali oyera motuwira pang'ono, ndipo mlembi ankawafunditsa nsalu akamaweruka.

Mwina owerenga ena ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota afunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza pawiri. Choyamba, nthenda yomweyi imagwiranso wailesi, fani, telefoni yapatebulo, zogwirira za firiji ndi maswitchi a magetsi m'nyumba zathu, ndipo kunyanja imafulumira kamba ka kutentha. Chachiwiri, ambiri a ife timagula katundu wogwirapo kale ntchito ku Blantyre ndi ku Limbe, tsono nkofunika kudziwa kuti chinthu chakale chingathe kuyeretsedwa n'kuoneka ngati chadzulodzulo pamene m'kati mwake ndi nkhalamba.

Makinawa adafika bwanji kuno

Kompyuta yapatebulo ya IBM idatuluka ku America mu 1981, Commodore 64 mu 1982, ndipo Macintosh ya kampani ya Apple mu 1984. Kuno kwathu makina otere adayamba kuonekera m'mabanki, m'makampani akuluakulu ndi pasukulu ya Polytechnic, imene kuyambira mu 2021 ikutchedwa MUBAS. M'zaka za m'ma 1990 adachuluka m'maofesi a m'tauni ndi a ku Ginnery Corner, ndipo atsikana amene ankaphunzira kutayipa adasiya taipilaita n'kuyamba WordPerfect ndi Lotus 1-2-3. Intaneti idafika m'dziko muno mu 1997. Pofika 1999, mantha adagwira dziko lonse lapansi kuti makompyuta asokonezeka chaka chikamalowa 2000, motero maofesi ambiri adagula atsopano, akalewo n'kuwagulitsa kwa antchito awo pamtengo wozizira. Umu ndi m'mene ena adafikira m'nyumba za ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Bangwe, ndipo ena adakwera basi limodzi ndi mwini wake atapuma pantchito, n'kukakhala pamwamba pa kabati kumudzi mpaka lero.

Chikasucho si litsiro

Amayi ambiri ayesapo kukwecha chinthu chotere ndi sopo, phulusa, ngakhale mchenga wa kunyanja monga tichitira ndi mapoto, koma osaphula kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mtunduwo sudamatirire pamwamba ayi, koma pulasitiki yeniyeniyo ndiyo idasintha. Zikuto za makompyuta ambiri a nthawi imeneyo zidapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa ABS, imene ndi msakanizo wa zinthu zitatu. Chimodzi mwa izo, butadiene, ndicho chimachititsa kuti chikuto chisamasweke msanga chikagwa, koma ndichonso chimagonja msanga ku mpweya umene timapuma. Kuwala kwa dzuwa, makamaka cheza chija chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet, pamodzi ndi kutentha, zimafulumizitsa ntchito yowonongayi, ndipo zotsalira zake ndizo zimaoneka zachikasu.

Kwa zaka zambiri anthu ankaloza chala mankhwala okhala ndi bromine, amene opanga ankathira m'pulasitiki kuti isamagwire moto msanga. Koma zaoneka kuti pulasitiki yopanda mankhwalawo nayonso imasanduka chikasu, ndipo zinthu zina zasintha mtundu zili m'katoni momwe dzuwa silifika, kutentha kokha kutagwira ntchito. Umboni wa dzuwa mungauone nokha: matulani kapepala kalikonse komatidwa pachikuto, kapena tembenuzani kiyibodi, mudzapeza kuti pobisikapo mpoyererapo kusiyana ndi poonekera. Nthawi zina zidutswa ziwiri za makina amodzi zimasiyana mtundu chifukwa pulasitiki yake idasakanizidwa pa nthawi zosiyana kufakitale.

Anthu ankangoti palibe mankhwala, kupatula kupaka penti. Zinthu zidasintha mu 2008, pamene anthu osunga makompyuta akale a Commodore mumzinda wa Wuppertal ku Germany adaona kuti zidutswa zoviikidwa kwa masiku angapo m'mankhwala otchedwa hydrogen peroxide zikuyera. Ena okonda makina akale, makamaka ku Britain, adayesayesa mpaka adapeza kuti akaonjezera kuwala kwa dzuwa ntchito ya masiku imatha m'maola, ndipo njirayi adaipatsa dzina loti Retr0bright. Chodabwitsa n'chakuti dzuwa lomwe lidawononga ndi lomwe limathandizanso kuyeretsa. Ku Ulaya amachita kugula mababu apadera chifukwa dzuwa lawo ndi losadalirika. Ife timalipeza ulere.

Hydrogen peroxide si mankhwala achilendo. M'mafamase amawagulitsa m'timabotolo, a mphamvu ya 3 kapena 6 pa 100, otsukira zilonda. M'masaluni amagwiritsa ntchito okhala ngati phala poyeretsa tsitsi, ndipo botolo lolembedwa 40 volume ndiye kuti mphamvu yake ndi 12 pa 100.

Kagwiridwe ka ntchitoyi

Ntchito imayamba ndi kumasula. Chikuto chokha ndicho chimatsukidwa. Mawaya, mabolodi a m'kati ndi chitsulo chilichonse ziyenera kuchotsedwa, chifukwa mankhwalawa amachititsa dzimbiri. Jambulani ndi foni musanamasule kanthu, makamaka mabatani a kiyibodi, poti munthu amadziona ngati akukumbukira pamene pamakhala chilembo chilichonse kufikira tsiku limene onse ali m'beseni. Masikuluwu sungani m'kambale, ndipo pomasula musakakamize, popeza timano togwirizira ta pulasitiki yokalamba timathyoka ngati bisiketi.

Kenaka tsukani ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Sitepe imeneyi anthu amaiderera, chonsecho kawirikawiri theka la kuthimbirirako limakhala fumbi, thukuta la m'manja, utsi wa kukhitchini kapena wa nyali ya parafini. Ndidaonapo kiyibodi imene mwini wake adali atagula kale mankhwala, koma itatsukidwa ndi sopo yekha adaona kuti yakwanira, botolo lija n'kulibweza m'kabati.

Ngati chikasu chatsalabe, pali njira ziwiri. Tizidutswa ting'onoting'ono monga mabatani timaviikidwa m'mankhwala amadzi aja, m'chidebe choonekera m'kati, n'kuika padzuwa. Timathovu tikayamba kutuluka tizidutswato timayandama, choncho muzitakasa ndi kamtengo kuti tonse timire. Njira imeneyi imayeretsa mofanana, koma pa chikuto chachikulu ingafune mabotolo ochuluka zedi. Apa ndi pamene anthu amatenga phala la kusaluni lija n'kupaka ndi burashi mopyapyala paliponse, kukulunga ndi pepala la pulasitiki loonekera kuti lisaume, n'kuyanika. Pakatha theka la ola kapena ola muzitembenuza ndi kusisita pamwamba pa pepalalo kuti phala lisaunjikane pamodzi. Patatha maola angapo tsukuluzani ndi madzi ambiri, yanikani pamthunzi, ndipo musamange kufikira madzi onse a m'timabowo atauma, ngakhale patapita masiku awiri.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Phala likauma padzuwa, kapena pepala likachita makwinya, chikuto chimatuluka mawangamawanga ngati munthu wodwala zikanga, ndipo mawanga amenewo sachoka. Ku Blantyre m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta mapiri a Soche ndi Ndirande, ntchito imachedwa koma siwononga. Dzuwa la October la ku Monkey Bay kapena ku Makanjira ndi nkhani ina: limaumitsa phala m'kanthawi kochepa ndipo lingathe kupinda chidutswa chopyapyala. Owerenga a kunyanja agwire ntchitoyi m'mamawa, dzuwa lisanafike paliwombo. Pulasitiki yakuda, yotuwa kwambiri kapena yamitundu musaiyese n'komwe, imasuluka moipa. Ndi nzeru kuyamba ndi kachidutswa kobisika, monga kachitseko ka kumbuyo.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kuyandikira n'komwe. Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo ndi thina zimasungunula ABS, ndipo petulo naye amaiwononga. Sitiliwulu ndi mchenga zimapala timizere tonse ta pamwamba n'kusiya zipsera. Jiki asasakanizidwe ndi peroxide ngakhale pang'ono, chifukwa ziwirizi zikakumana zimawira mwamphamvu n'kuthovokera kumaso.

Ngozi zake

Mankhwala a 12 pa 100 amaotcha. Akakhudza khungu limayera mbuu n'kumalasalasa, ndipo akalowa m'diso angathe kuliwononga. Valani magolovesi ndi magalasi. Ngati adonthera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala. Amadzi aja amaoneka ngati madzi akumwa, tsono asathiridwe m'botolo la zakumwa kapena kusiyidwa pamene ana angafikire. Musawatsekerenso zolimba m'chidebe chili padzuwa, popeza amatulutsa mpweya ndipo chidebe chingaphulike. Beseni la ntchitoyi likhale lakelake, osati lotsukira mpunga.

Ngozi yaikulu kuposa zonse ili m'masikirini a chinkhongo aja. Akamagwira ntchito, m'kati mwake mumayenda magetsi ofika mavoti 25,000, ndipo ena amatsalira ngakhale mutazula waya kukhoma. Galasi lake likasweka limamwazika mwamphamvu. Sikirini yotere, komanso kabokosi kachitsulo kolandira magetsi m'kompyuta, asamasule munthu wamba. Pitani nazo kwa mmisiri kuti akuchotsereni chikuto, inu mukatsuke chokhacho.

Wogula achenjere

Tsono pali chinthu chimene okonda njirayi adachizindikira mochedwa: kuyerako sikukhalitsa. Mankhwala amangofika pakhungu lapamwamba, ndipo patapita zaka zochepa, nthawi zina miyezi chabe, chikasu chimabwerera, ngakhale chinthu chitasungidwa mumdima. Pulasitiki yofooka imakhalabe yofooka. Palibenso chimene chasintha m'kati.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikulowa m'thumba la banja. Kuyeretsa chinthu chako kuti chikongole m'nyumba palibe cholakwa, ndipo wogulitsa amene wanena poyera kuti katunduyu ndi wa chaka chakuti koma ndamutsuka wachita malonda abwino. Koma kuyeretsa pofuna kubisa ukalamba ndi chinyengo, ndipo tonse tikudziwa kuti Chisilamu chimaletsa kubisa chilema cha katundu pogulitsa. Bambo amene wagulitsa usipa wa nyengo yonse kuti agulire mwana wa ku sekondale kompyuta, kapena mayi wofuna makina osokera amagetsi, asatengeke ndi kuwala kwa kunja. Ayang'ane chaka chimene chidalembedwa pakapepala ka kumbuyo kapena pansi. Aone ngati zilembo za pamabatani zasuluka pamene chikuto chikunyezimira. Asuzumire m'timipata topitira mphepo ndi m'mabowo a masikuluwu, momwe chikasu chimakonda kutsalira. Koposa zonse, apemphe kuti chinthucho chiyatsidwe n'kugwira ntchito iye akuona. Kompyuta ya m'ma 1990, iyere bwanji, singathandize mwana pa maphunziro a lero.

Enanso amamva kuti makompyuta akale ndi chuma kunja. Zoonadi mu 2014 kompyuta ya Apple-1 ya mu 1976 idagulidwa madola 905,000 ku New York, koma imeneyo adapanga pafupifupi 200 yokha. Amene ali pamwamba pa makabati athu adapangidwa mamiliyoni. Ndipo ena mwa osunga zinthu zakale safuna n'komwe choyeretsedwa. Amakonda chikhale monga momwe zaka zachisiyira.

Kwa mabanja ambiri chuma chenicheni chili m'kati. M'makina amenewa mudatsala makalata, mabuku a ndalama za sitolo, mayina a ana a madrasa, mwinanso mbiri ya banja imene malemu adatayipa asanatisiye. Musanaganize za mtundu wa chikuto, ganizirani zimenezi. Musangolumikiza kumagetsi kompyuta imene yagona zaka 20. Mmisiri ayambe waona kabatire ka pabolodi, kamene m'makina ambiri akale kamadontha n'kudya timizere ta mkuwa, aonenso kaswitchi kofiira kakumbuyo ngati kali pa 230 osati 115, poti makina ena adachokera ku America ndipo magetsi athu angawapsereze nthawi yomweyo. Madisiki aang'ono aja a 1.44 MB amachita nkhungu m'chinyezi cha kunyanja, choncho ngati muli nawo, kawakopetseni msanga pa fulashi akadali owerengeka.

Ngati makina afa ndithu, musawatenthe. Anyamata ena amaotcha zikuto ndi mawaya pofuna mkuwa, koma utsi wa pulasitiki yothiridwa mankhwala oletsa moto ndi poizoni, ndipo galasi la sikirini lili ndi mtovu umene umalowa m'nthaka ndi m'madzi. Zotere siziyenera kukathera mumtsinje wa Mudi, kudzala la ku Mzedi, kapena m'mbali mwa nyanja momwe ana amasamba. Amisiri amalandira makina akufa chifukwa amachotsamo zipangizo zokonzera ena.

Amene wayeretsa chake n'kukhutira nacho, achichotse pawindo, achiike pamalo opita mphepo kutali ndi mbaula, ndipo achifunditse chitenje monga ankachitira alembi a mu Victoria Avenue aja. Akatero, chikasu chidzachedwa kubwerera.