Kalata ya Mwana wa Chesi pa Msika wa Tsoka

Aliyense amene anapondapo pa Msika wa Tsoka mu mzinda wa Lilongwe akudziwa timilatho ta mitengo timene tinamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe. Wofuna kuolokera tsidya lina amayamba wapereka kangachepe kwa mwini mlatho. Pafupi ndi umodzi wa milathoyi mpamene mayi wina wogulitsa kaunjika anatiimitsa tsiku lina, napisa dzanja m'chikwama. "Abusa, tandiwerengerani kalata iyi, mundiuze chochita," anatero.

Tsamba loyamba linali lokoma: mwana wawo wamkazi wa zaka 12 wasankhidwa kukasewera chesi pa mpikisano wa achinyamata kunja kwa dziko lino. Tsamba lachiwiri ndilo linawasowetsa tulo mayiwa, pakuti linandandalika zofunika: pasipoti, tikiti ya ndege, ndalama yolembetsera, malo ogona, ndiponso zonsezi kachiwiri kwa munthu wamkulu woperekeza mwanayo. Zambiri mwa izi amalipira m'madola kapena mayuro, ndipo tonse tikukumbuka kuti mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa malaya limodzilimodzi angapeze bwanji ndalama zotere?

Tisanayankhe, tivomereze kuti ambiri a ife m'mipingo sitiwadziwa bwino masewerawa, mwakuti ena amawaika m'gulu limodzi ndi juga. Kumeneko nkulakwitsa. Mu chesi mulibe maere; wopambana ndi amene waona patali kuposa mnzake. Makolo athu anali nazo nzeru zoterezi m'bawo. Taonani kufanana kwake: bawo ili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, pamene chesi ili ndi timabwalo 64 ndi tizidole 32. Mwana amene angakhale chete maola anayi akusinkhasinkha, nkugwirana chanza ndi amene wamugonjetsa, waphunzira khalidwe limene akuluakulu ambiri timalephera ngakhale pa misonkhano ya mpingo.

Nanga bwanji osangosewera konkuno? Bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse, la FIDE, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, limapereka mapointi kwa wosewera aliyense malinga ndi mphamvu za amene wakumana nawo pa mipikisano yovomerezeka. Maudindo amatsata mapointiwo: 2200 kwa Candidate Master, 2300 kwa FIDE Master, 2500 kwa Grandmaster, kuphatikizapo zofunika zina. Mwana wongogonjetsa anzake a ku Area 25 ndi ku Kawale sadzakwera msanga, chifukwa mapointi ambiri ali m'manja mwa osewera a maiko ena. Amon Simutowe wa ku Ndola m'dziko la Zambia, amene anakhala Grandmaster woyamba wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara mu 2009, anafika pamenepo atayenda maiko ambiri. Ngakhale Chiletso Chipanga wathu anatenga chikho cha African Amateur mu 2018 ataoloka malire kupita ku Livingstone.

Mpikisano waukulu unabwerapo kwathu kuno. Mu Meyi 2021 akatswiri a mu Africa anasonkhana mu Lilongwe momwemu, ndipo anapambana ndi Ahmed Adly wa ku Egypt ndi Jesse February wa ku South Africa. Koma mwayi wotere subwera chaka ndi chaka.

Tinawasimbira mayi aja za Phiona Mutesi wa ku Katwe, dera la anthu osauka mu mzinda wa Kampala. Amayi ake naonso ankagulitsa chimanga pa msika. Phiona anayamba kupita kumene Robert Katende, wa bungwe lachikhristu la Sports Outreach, ankaphunzitsa ana chesi, chifukwa kumeneko kunkaperekedwa phala. Mu 2010 anakaimira Uganda pa mpikisano wa Olympiad ku Khanty-Mansiysk m'dziko la Russia, ndipo mu 2016 moyo wake unaonetsedwa mu filimu ya Queen of Katwe. Ku New York, mnyamata wothawa kwawo ku Nigeria, Tanitoluwa Adewumi, atapambana mpikisano wa ana mu 2019 ali ndi zaka 8, akukhala m'nyumba ya osowa pokhala, anthu anamusonkhera ndalama zoposa madola 200,000 m'masiku ochepa. Nkhanizi nzolimbikitsa, koma tisadzinyenge: mwana wa pa Tsoka sadzadikira mtolankhani wa ku America.

Chitsanzo chotiyandikira ndi cha Mayi Susan Namangale, amene anakulira m'mudzi wa Chombo ku Nkhotakota. Ali pa sukulu, iwo ndi anzawo ochepa anasonkherana tindalama tawo togulira zakudya nagula mabolodi awiri a chesi. Patapita zaka anatsogolera bungwe la chesi m'Malawi, la CHESSAM, kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo afikitsa masewerawa m'sukulu za kumudzi ndi m'ndende.

Kusonkha ndalama timakudziwa bwino ife. Ukwati umodzi umakhala ndi makomiti asanu, ndipo pa perekaniperekani ndalama zimaulutsidwa mpaka dzuwa kulowa. Tamanga matchalitchi ndi pepa sande ndi bigi woko. Chimene chimativuta nkuona kuti luso la mwana mmodzi, mwana wa eni, nalonso nloyenera mbale yathu. Pakamwa timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pepala likafika pa mageti a ku Area 10 ndi Area 43, kawirikawiri limathera kwa mlonda.

Komabe okayika ali ndi chifukwa, pakuti mapepala opemphera thandizo anyenga anthu ambiri mu mzinda uno. Nchifukwa chake tinawalangiza mayi aja kuti asayende okha ndi pepala. Kalata itsimikizidwe ndi a bungwe la chesi ndi a mphunzitsi wamkulu. Pakhale komiti ya anthu atatu, msungichuma asakhale wachibale, ndipo ndalama iliyonse, kaya yabwera pamanja kaya pa Mpamba kapena Airtel Money, ilembedwe ndi kulengezedwa. Agwirizanenso poyambirira chimene adzachite ndi ndalamazo ulendo ukalephereka. Afunsenso okonza mpikisano, popeza pa mipikisano ina ya achinyamata wosewera mmodzi wa dziko lililonse pa msinkhu uliwonse amagona ndi kudya kwaulere.

Tinaonjezera chinthu chimodzi chimene osonkha amaiwala. Mwanayo akhoza kukagonja masewero asanu mwa asanu ndi anayi, monga amachitira ambiri pa ulendo woyamba. Asadzalandiridwe pa bwalo la ndege la Kamuzu ngati wangongole. Mayi aja anapinda kalata, natiuza kuti ayambira kwa amalonda anzawo a mumzere wa nsapato, amene amasonkherana kale ndalama za chipereganyu Loweruka lililonse.