Chuma Chili M'thumba, Chipani Palibe: Mpondamatiki Woima Payekha ku America, ku Benin ndi Kuno Kwathu

Nyengo ya zisankho ikayandikira, pamamveka mawu akuti ndale zaola ndipo dziko likufunika munthu wa bizinesi amene sadzaba chifukwa anakhuta kale. Mawuwa amamveka ku Lilongwe, amamvekanso ku Washington ndi ku Cotonou. Funso ndi lakuti, kodi khumutcha wopanda chipani angakhaledi mtsogoleri wa dziko? Yankho silidalira kukula kwa thumba lake. Lidalira malamulo owerengera mavoti, mphamvu za zipani, ndi zimene ovota a m'dzikolo amayembekezera kwa munthu wachuma.

Ku America, chitsanzo chodziwika ndi Ross Perot, mpondamatiki wa ku Texas amene analemera ndi bizinesi ya makompyuta. Mu 1992 anaima payekha kulimbana ndi George H. W. Bush ndi Bill Clinton. Anathira madola oposa 60 miliyoni a m'thumba mwake, anagula nthawi pa TV n'kumalongosola za ngongole ya boma ndi matchati m'manja, ndipo analoledwa pa mitsutso ya opikisana. Anapeza mavoti oposa 19 miliyoni, pafupifupi 19 pa 100 aliwonse. Komabe sanapambane m'chigawo chilichonse. Kumeneko pulezidenti amasankhidwa kudzera mu Electoral College, ndipo m'zigawo 48 mwa 50 wopambana amatenga mavoti onse a chigawocho. Perot, amene omutsatira ake anali omwazikana dziko lonse, anatuluka chimanjamanja. Mu 1996 anayesanso pa tikiti ya Reform Party, chipani chimene anayambitsa yekha, n'kutsikira pa 8 pa 100.

Olemera amene anabwera pambuyo pake anaphunzirapo. Howard Schultz wa Starbucks analengeza mu 2019 kuti akuganiza zoima payekha, koma anasiya chaka chomwecho. Michael Bloomberg anasankha kulowera m'chipani cha Democratic pa chisankho cha 2020, anamwaza pafupifupi madola biliyoni imodzi, ndipo anangopambana ku American Samoa. Donald Trump, amene anapambana chisankho cha pulezidenti mu 2016, sanaime payekha: analanda utsogoleri wa chipani cha Republican chimene chinalipo kale.

Ku Benin nkhani inayenda mosiyana. Patrice Talon, amene analemera ndi malonda a thonje, anaima payekha mu 2016 pa chisankho cha opikisana oposa 30. Pa ndime yoyamba anali wachiwiri, kumbuyo kwa nduna yaikulu Lionel Zinsou. Pa ndime yachiwiri, wabizinesi mnzake Sébastien Ajavon, amene anali wachitatu, anamuikira kumbuyo pamodzi ndi ena ambiri, ndipo Talon anapambana ndi pafupifupi 65 pa 100. Zinthu ziwiri zinamuthandiza. Zipani za ku Benin zinali zambirimbiri komanso zofooka, moti ngakhale Thomas Boni Yayi, amene Talon analowa m'malo mwake, anapambana mu 2006 ali wopanda chipani. Ndiponso lamulo la ndime ziwiri limapatsa wachiwiri mpata wosonkhanitsa onse otopa ndi boma. Talon sanali mlendo pa ndale: anali atathandizapo kampeni za Yayi ndi ndalama zake, ndipo ankadziwa amene amagwira makiyi a mavoti m'dera lililonse.

Kuno kwathu, kuima pawekha si chachilendo. Mu 2014 aphungu 52 mwa 193 analowa m'Nyumba ya Malamulo opanda chipani, ndipo mu 2019 analipo 55. Ambiri anali anthu amene anadandaula kuti anaberedwa pa mapulayimale, n'kuuza anthu awo kuti tikaonana pa tsiku lovota. Ku America zotere sizioneka. Aphungu opanda chipani kumeneko sakwana zala za dzanja limodzi. Choncho wovota wa ku Malawi saopa kuchonga munthu wopanda chizindikiro cha chipani.

Koma pa mpando wa pulezidenti, wovota yemweyo amasintha. Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti kwa zaka khumi, anaima payekha mu 2004 n'kupeza mavoti osakwana 3 pa 100. James Nyondo anayesa mu 2009 ndipo sanafike ndi pa 1 pa 100 pomwe. Umboni waukulu ndi wa Bingu wa Mutharika. Mu 1999 anaima pa tikiti ya kachipani kake ka United Party, n'kulephera kufika pa 1 pa 100. Mu 2004, munthu yemweyo, wa maphunziro omwewo, anapambana pa tikiti ya UDF, Bakili Muluzi akumugulitsa m'misonkhano. Chimene chinasintha sichinali munthuyo koma gulu limene linamunyamula.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Ku America, chuma cha wopikisana chimamasuliridwa kuti sangagulidwe, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulipira zotsatsa za pa TV ndi pa intaneti. Kuno chuma chimayesedwa ndi mmene chafikira anthu. Wofuna uphungu amadziwika ndi bokosi la maliro limene anagula, galimoto imene inatengera wodwala ku chipatala, mjigo umene anakonzetsa, malata a tchalitchi kapena mzikiti, ndi fizi ya ana amasiye. Ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti, chiyembekezo choti wachuma agawane ndi anzake chinazika mizu kalekale. M'dera limodzi la phungu, munthu mmodzi angathe kusenza zimenezi. M'maboma 28 sangathe, ngakhale atalemera bwanji. Mutu umodzi susenza denga.

Chipani chimachita ntchito imene ndalama yokha siigwira. Chili ndi apampando a nthambi m'midzi, amayi ovina ovala nsalu ya chipani, achinyamata okonza bwalo la msonkhano, ndi anthu odziwa polowera kwa mfumu ya dera. Koposa zonse chili ndi mamonitala. Mu 2019 malo oponyera voti anali oposa 5,000, ndipo mlandu umene unachititsa khoti kufafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020 unadalira kwambiri mapepala a zotsatira, ena opakidwa Tipp-Ex, amene zipani zinasonkhanitsa. Mpondamatiki angalembe ganyu mamonitala, koma munthu waganyu sachezera usiku wonse kuteteza voti monga amachitira amene chipanicho amachiona ngati chake. Palinso nkhani ya zigawo: MCP imadalira Pakati, DPP imadalira maboma a Alomwe Kummwera, UDF inkadalira Kummawa. Woima payekha amayamba wopanda linga lotere. Saulos Chilima, amene anatsogolerapo kampani ya Airtel Malawi ndipo ankakondedwa ndi achinyamata a m'tauni, anazindikira zimenezi: anakhazikitsa UTM, n'kupeza pafupifupi 20 pa 100 mu 2019. Ku Zambia, Hakainde Hichilema, mmodzi mwa alimi a ng'ombe ndi abizinesi olemera m'dzikolo, analuza kasanu kuyambira 2006 asanapambane mu 2021, ndipo nthawi yonseyo anali akumanga UPND.

Chigamulo cha 2020 chinabweretsa lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka, apo ayi pakhale ndime yachiwiri. Pamenepa Malawi anatalikirana ndi America n'kuyandikira Benin. Voti yopatsidwa kwa wachitatu siingakhalenso yotayika, chifukwa munthu wa 10 kapena 15 pa 100 angasankhe amene alowe ku Kamuzu Palace. Komabe zisankho za 2020 ndi 2025 zinathera pa ndime yoyamba, poti zipani zikuluzikulu zinapanga migwirizano kapena kukokera ovota kwa anthu awiri okha. Khomo limene Talon analowera limatseguka zipani zikasweka, ndipo zathu, ngakhale zimakangana, zikadali zolimba m'zigawo zawo.

Ndipo woima payekha atapambana, angalamulire bwanji? Bingu atachoka mu UDF mu 2005, anakhala zaka zinayi akulimbana ndi Nyumba ya Malamulo pa Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, bajeti ikuchedwa chaka ndi chaka. Ku Benin, Talon anathetsa vutoli mwa njira yowawa: pa chisankho cha aphungu cha 2019, zipani ziwiri zokha, zonse zomutsatira, ndi zimene zinaloledwa kupikisana. Munthu wozolowera kulamula pa kampani sapirira msanga kutsutsidwa. N'chifukwa chake mpondamatiki akabwera ndi lonjezo loyendetsa dziko ngati bizinesi, wovota amufunse zinthu ziwiri: adzadutsitsa bajeti ndi aphungu a yani, ndipo ndani adzamuletse akalakwa.