Dimba la Sukulu Likhale la Mudzi Wonse

Madimba ambiri a pasukulu amayamba bwino koma sakhalitsa. Ana amalima, mbewu zimamera, kenako tchuthi chimafika. Wothirira amasowa, mbuzi zimathyola mpanda, ndipo potsegulira sukulu pamapezeka udzu wokhawokha. Nthawi zambiri cholakwika si nthaka kapena mbewu, koma kuti ntchito yonse inali pamutu pa mphunzitsi mmodzi. Dimba limene makolo amalima limodzi ndi ana limapulumuka, chifukwa anthu a m'mudzi amakhalapo ngakhale sukulu itatseka.

Mpata wochitira izi ulipo kale. Maphunziro a pulayimale amene anayamba mu 2004 anapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a Currículo Local, ndiko kuti nzeru ndi ntchito za m'deralo. M'maboma a Angónia ndi Tsangano, kumene mabanja amalima kabichi, tomato ndi kachewere m'madambo nthawi ya chilimwe, ulimi wa m'dimba ndi nzeru imene mwana amabwera nayo kuchokera kunyumba.

Khasu lisanagwire nthaka, Conselho de Escola iitane makolo ndi mafumu kuti agwirizane zinthu zinayi. Choyamba ndi malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya Boma, koma limazindikira ufulu wa anthu a m'mudzi wogwiritsa ntchito malo motsata mwambo. Choncho mfumu ndi banja limene linkalima pamalopo avomereze poyera. Chachiwiri ndi madzi: chitsime chimene sichiphwa mu Okutobala. Chachitatu ndi kasinthana wa ntchito, makamaka pa tchuthi. Chachinayi, chimene chimadanitsa anthu kwambiri, ndi kagawidwe ka zokolola: zodya ana, zotenga olima, ndi zogulitsa kuti pagulidwe mbewu. Pangano lonse lilembedwe m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, ndipo liwerengedwe pamsonkhano.

Kwa mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri, phindu lalikulu lili pa phunziro. Bedi likhale mita 1 m'lifupi kuti mwana azipalira ataima m'kanjira osaponda mbewu. Kuyeza bedilo ndi masamu. Kuwerenga masiku kuchokera pofesa kufika powokera ndi phunziro la kalendala. Agogo akafotokoza chifukwa chimene samabzala tomato pamene pangochoka kachewere, mphunzitsi awonjezere kuti mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi ndipo zimagwidwa matenda ofanana. Mwana ayambe wafotokoza zimene waona m'Chinyanja, kenako alandire mawu akuti canteiro, enxada ndi regador chinthucho chili m'manja mwake. Mawu ophunzira chotere saiwalika msanga.

Bonongwe, luni, chisoso ndi nkhwani zipatsidwe malo pambali pa kabichi. Mbewu zake zimapezeka m'mudzi momwemo, ndipo maina ake akalembedwa pa timatabwa m'dimba, ana amaona chilankhulo chawo chikugwira ntchito kunja kwa buku. Mayi amene sanapite kusukulu amapezanso chophunzitsa.

Sukulu imene ikufuna kuyamba isathamangire malo aakulu. Mabedi ochepa, mpanda wolimba ndi dzenje la manyowa n'zokwanira chaka choyamba. Dimbalo likadutsa tchuthi chimodzi lili lobiriwira, ndiye kuti panganolo lagwira, ndipo akhoza kulikuza.